Gwira Pomwepo, Posamu

Glenys Tuckwell anachipeza chimbale cha filimucho pa msika wa Lamlungu ku Mildura, m'katoni ya zinthu zakale, pakati pa mabuku a zophikaphika ndi makiyi opanda maloko. Pachikuto panali chithunzi chopanda mitundu cha mkazi wovala jasi la mvula, atatsamira galimoto, ndipo pamwamba pake panalembedwa kuti Coral Devlin. Glenys anali mayi woti tsitsi linachita kale imvi, wayendetsa mathiraki moyo wake wonse, ndipo sankadabwa ndi zinthu wamba. Koma apa anangokhala pa mpando wa wogulitsayo osapempha.

"Ine ndimayesa anafufuta zonse," anatero.

"Anafufutadi, mayi," anayankha bambo wogulitsayo. "Masiku amenewo matepi ankadula. Sewero la pa TV likangotha, basi, ankajambulapo mpira. Izi azipeza m'shedi ya mkulu wina atamwalira. Munkalikonda?"

"Kuposa wina aliyense m'dziko muno."

"Ndiye mukukumbuka mmene linathera."

"Sindinalionepo ngakhale kamodzi."

Bamboyo anamuyang'ana ngati mmene timayang'anira munthu amene dzuwa lamulowa m'mutu. Koma Glenys sananame, kuwiri konseko.

Anakulira pa famu ya tirigu kufupi ndi kasiteshoni ka Burrawinna, kumene fumbi lofiira limalowa ngakhale m'botolo la shuga. Mayi awo anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo khitchini inagwera mkulu wake Noelene, amene ankamuposa ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Noelene anali ndi mwendo umodzi wopuwala ndi poliyo, womangidwa m'zitsulo, koma pakamwa pake panalibe chopuwala. Bambo awo, a Clarrie, anagula TV chaka chimene tirigu anabereka bwino, naimika mlongoti wa TV padenga, naulozetsa kumpoto kumene kunkachokera nkhani ndi mitengo ya ubweya. Anaumanga ndi waya n'kulamula kuti munthu asaukhudze.

Tsoka lake, Coral Devlin ankachokera kumwera, ku wailesi ina yakutali. Kuti aoneke, pankafunika kumasula waya uja, kutembenuza mlongoti, ndi kuugwira ndi manja mpaka sewero lithe, chifukwa ukangousiya mphepo inkaubweza. Anthu a famu yoyandikana nayo anali ndi kamakina kotembenuzira ali khale pa mpando. A Clarrie ankati nawonso agula akakolola, ndipo anakolola kangapo konse. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mpaka analowa m'manda kamakinako kasanagulidwe.

Mwayi unali woti Lachinayi madzulo a Clarrie ankapita ku hotela kukasewera masewera oponya timivi pa bolodi ndi anzawo, ndipo Coral ankabwera tsiku lomwelo. Fumbi la galimoto yawo likangozimirira, Glenys ankatsamiritsa makwerero. Noelene sakanatha kukwera, ndiye panalibe zokambirana. Wamkulu ankakokera TV pafupi ndi zenera la khitchini, wamng'ono ankakwera padenga. Dzina la Glenys loti Posamu linachokera pomwepo, poti kanyama kameneko ndi kamene kamasokosa pa malata anthu akafuna kupuma.

"Zikuoneka?" Glenys ankafuula ali pamwamba.

"Mchenga wokhawokha! Tembenuza! Ayi, kwinaku, mutu wakowo! Pang'ono... pang'ono... Pomwepo! Gwira pomwepo, Posamu, usapume n'komwe!"

Padengapo mawu a TV sankafika. Chimene chinkamveka ndi lipenga la nyimbo yoyambira basi, kenaka mphepo, ndi zinkhwe zikukangana m'mitengo ya bulugamu. Choncho sewero lonse Glenys ankalimvera pakamwa pa Noelene.

Ndipo linali sewero lanji! Coral Devlin anali wofufuza milandu wodziimira payekha, wokhala ndi kaofesi pamwamba pa sitolo ya nsapato ku Melbourne. Anali wamtali, wa tsitsi lofiira, wa galimoto yobiriwira, ndipo mawu ake ankaimitsa agalu.

"Walowa m'nyumba ya njuga, yekhayekha! Pakhomo pali chimunthu ngati thanki yathu ya madzi. Chikumutchinga. Eee! Wachimenya ndi chikwama! Chagwa, Posamu, chagwa ngati thumba la feteleza!"

"M'chikwamamo muli chiyani?"

"Simbi! Nanga ukuyesa amanyamula mafuta odzola?"

Munalinso Inspekita Bramwell, wa ndevu ngati burashi ya nsapato, amene ntchito yake inali kufika mochedwa. Gawo lililonse linkatha chimodzimodzi. Akuba ali m'maunyolo, Inspekita ankatsegula chitseko cha galimoto n'kunena kuti amuperekeze, ndipo Coral ankamulanda makiyi n'kuti, "Ndidziyendetsa ndekha, a Inspekita." Noelene ankawafuula mawuwo ndi mphamvu zake zonse, Glenys n'kuwabwereza kwa zinkhwe, manja ali gwa ndi kuzizira kwa chitsulo, mtima uli mbee. Kenaka ankabweza mlongoti kumpoto, n'kumanga waya monga momwe a Clarrie ankamangira, n'kutsika kukamwa tiyi ndi buledi wootcha. Palibe nthawi ina m'moyo wake imene Glenys anakondwa choncho.

Gawo lomaliza linabwera m'nyengo yachisanu. Pakati pa sewero, khitchini inangoti zii.

"Noelene! Zazima?"

"Ayi."

"Nanga bwanji wangokhala chete?"

"Dikira."

Anadikira mpaka zala zinachita dzanzi. Kenaka mawu a mkulu wake anatuluka pazenera, okwera kuposa masiku onse. Inspekita wagwada pa mlatho. Watulutsa mphete. Coral waitenga, waiyang'ana ngati mmene amayang'anira ndalama yabodza, waiponya mumtsinje. Wakwera galimoto yake yobiriwira, walunjika kumpoto, ndipo sanacheuke. Glenys atatsika anapeza TV yazimitsidwa kale, Noelene maso ali psuu, akuti ndi utsi wa chitofu.

Patapita zaka zingapo, mwana wa pa famu yoyandikana ija anayamba kubwera Lamlungu lililonse atapesa tsitsi, ndipo a Clarrie anayamba kuyang'ana mpanda wa pakati pa mafamu awiriwo ngati chinthu choti chichotsedwe. Mnyamatayo analibe vuto, kungoti Glenys akamuona ankayasamula. Tsiku lina akutsuka mbale, Noelene anangofunsa osatembenuka, "Coral akanatani?" Sabata yotsatira Glenys anali pa msewu wa kumpoto, wa ku Darwin, m'chikwama muli masangweji a nyama ya nkhosa amene Noelene anamukulungira. Mabwana ambiri a mathiraki anamuseka, ena anamufunsa ngati mwamuna wake akudziwa kuti ali kuno. Onsewo anamva mawu aja a makiyi. Noelene anatsala pa famu, nasamala bambo awo mpaka tsiku lawo lomaliza.

Tsopano Noelene anali ku nyumba yosamalira okalamba kumapeto kwa tauni, ndipo maganizo ake ankachoka pang'onopang'ono ngati madzi m'thanki yobooka. Chiyambire chisanu chatha anali asanamutchule mng'ono wake dzina. Glenys ankapita masiku onse, ndipo masiku onse ankalandiridwa mwaulemu ngati mlendo. Ulemu umenewo ndi umene unkamupweteka. Akanakonda kutukwanidwa.

N'chifukwa chake chimbale chija sanachitsegule kunyumba. Chinagona pa tebulo masiku anayi, iye akuchizungulira ngati mphaka. Ankati ngati pali chinthu choti n'kumubweretsera Noelene, ngakhale kwa mphindi imodzi, ndi Coral Devlin. Ndipo anadikira Lachinayi.

Namwino wa tsikulo anali Sushila, mayi wa ku Nepal wosachedwa kuseka, amene anathandiza kulumikiza makina a chimbale ku TV ya m'chipindamo.

"Lero ndiye kuli filimu, a Noelene! Onani amene wakubweretserani."

Noelene anali pa mpando pafupi ndi zenera, bulangete pamiyendo, zala zikutola ulusi. Anakweza maso namwetulira Glenys.

"Mwabwera kudzatenga mbale? Ndamaliza, zikomo kwambiri."

"Ndine Glenys, Noelene."

"Dzina labwino," anatero Noelene mokoma mtima.

Sushila anatuluka. Glenys anakhala pa bedi n'kukanikiza batani. Lipenga lija linalira, lomwelija ndithu, ndipo thupi lake lonse linachita tsembwe. Anamva fungo la malata ndi la fumbi. Anayang'ana mkulu wake, koma Noelene anali kalikiliki ndi ulusi wake.

Kenaka Coral anatulukira. Anali kamkazi kafupi, kokongola, ka mawu ofewa ngati a wogulitsa mafuta onunkhira. Glenys anati mwina ndi mlembi wake. Ayi, anali Coral yemwe. Tsitsi lake linali lotuwa, galimoto yotuwa, mzinda wonse wotuwa. Apa ndi pamene Glenys anazindikira chinthu chimene mwana wa zaka zisanu akanachizindikira kalekale: TV yawo ija inalibe mitundu. Zaka makumi asanu akusimbira anthu za galimoto yobiriwira, osadzifunsa kuti Noelene anauona bwanji mtunduwo!

Anapitiriza kuonera. Coral anali wochenjera ndithu, anatola kabatani pansi n'kuzindikira mwini wake. Koma atalowa m'nyumba ya njuga ija, chimunthu cha pakhomo sichinagwe. Chinamugwira pakamwa, n'kukam'mangirira pa mpando m'chipinda chapansi. Anakhala pamenepo akuphethira zikope mpaka Inspekita Bramwell anathyola chitseko ndi phazi. Ndevu zokha ndi zimene zinali zoona. Pomaliza anafika pa galimoto, ndipo Coral anatulutsa makiyi m'chikwama, chikwama choti simbi singalowemo, n'kumupatsa.

"Yendetsani ndinu, a Inspekita. Ine manja akunjenjemera."

"Chiyani?" Glenys anafunsa TV.

Analumphira ku gawo lachiwiri. Anam'mangirira m'ngalawa. Lachitatu, m'nyumba yosungiramo ubweya. Mkazi ameneyu ankamangidwa kawirikawiri kuposa mbuzi, ndipo makiyi ankawapereka yekha ndi manja awiri. Glenys anapsa mtima mpaka makutu anatentha. Anapsera mtima amene analemba seweroli, anapsera mtima bambo wa pa msika, kenaka anatembenukira mkulu wake.

"Wabodza iwe," anatero chapansipansi. "Ine kuzizidwa padenga paja, iwe uli phee m'khitchini kundipangira nthano. Simbi! Simbi yake iti?"

Noelene anamuyang'ana mwankhawa, ngati munthu woopa kuti walakwira mlendo.

"Pepani, mayi. Ndataya chinachake?"

Mkwiyo wonse unathera pomwepo, m'malo mwake munalowa chisoni. Glenys anali atabwera ndi chinthu chimodzi chokha m'manja, ndipo chinthucho chinali chitakanika. Noelene sanamudziwe Coral, pakuti Coral wa pa galasilo sanali wake n'komwe.

Anatsala pang'ono kuzimitsa, koma chala chinapita chokha ku gawo lomaliza. Analithamangitsa mpaka anaona mlatho. Inspekita anagwada. Anatulutsa mphete. Coral anagwira pachifuwa, misozi ili mbwembwembwe, n'kutambasula chala. Glenys anaimitsa chithunzicho pomwepo. Sanafunikire kuona zotsatira, chikuto chinali chitanena kale kuti gawolo limathera ku tchalitchi.

Anakumbuka chete uja wa usiku wachisanu. Anamuona Noelene, mtsikana wa zaka makumi awiri, mwendo uli m'zitsulo, mbale za bambo ake zili mbwee m'sinki, akuonera mkazi yekhayo wa pa TV amene anali ndi ofesi yakeyake akutseka ofesiyo. Ndipo pamwamba pa mutu wake panali mwana akunjenjemera ndi chisanu, akufunsa zimene zachitika. Noelene anakhala chete nthawi yonse ija chifukwa ankasankha choti amupatse mwanayo. Glenys anayang'ana manja ake, okhakhala ndi chiwongolero cha zaka zambiri, ndipo analira osabisa.

Atapukuta misozi anayang'ana zenera. Chipindacho chinali chapansi, zenera lake loyang'ana ku kadimba ka maluwa, ndipo pambali pake pankatsika paipi ya madzi a mvula kuchokera padenga. Anaiyang'ana paipiyo kanthawi. Kenaka anakankha zenera, natembenuzira mpando wa Noelene ku TV, nabwezera gawolo poyambira, natsitsa mawu, n'kutuluka.

M'khonde anakumana ndi Sushila akukankha kangolo ka tiyi.

"Mukupita kale, a Glenys? Filimu yatha?"

"Ikuyamba kumene. Mukamva phokoso musaitane apolisi."

Anazungulira nyumbayo, naponda maluwa a eni ake osapepesa, nakaima pambali pa zenera pamene Noelene sakanamuona. Dzuwa linali litapendeka, kamphepo kakuzizira. Anagwira paipi ija ndi manja awiri, nafulatira galasi. Anadziona kupusa kwake, mayi wamkulu wamkulu kukumbatira paipi, ndipo mkulu wina wa m'chipinda choyandikana anali atasuzumira kale. Lipenga linalira m'katimo. Glenys anakoka mpweya n'kufuula ndi mawu a padenga.

"Noelene! Zikuoneka?"

Kunali zii. Galimoto inadutsa mumsewu. Mbalame ina inalira pa waya wa magetsi.

"Noelene! Manja akuzizira kuno! Zikuoneka kapena ayi?"

Glenys anatsamiritsa chipumi pa paipi. Anati ayesenso kamodzi kokha, kenaka akatenge chimbale chake akachiponye mumtsinje, kumene mphete ija inayenera kupita. Asanatsegule pakamwa, mpando unalira m'chipindamo.

"Mchenga," anatero mawu aang'ono, okayika.

Glenys anadzutsa mutu. Anagwedeza paipi mpaka inalira.

"Nanga pano?"

"Tembenuza." Mawuwo anakwera pang'ono. "Ayi, kwinaku. Kwinaku, mutu wakowo! Kodi kumanzere sukudziwa? Pang'ono... Pomwepo! Gwira pomwepo, Posamu, usapume n'komwe!"

Glenys sanapumedi. Sakanatha. Sushila anali atafika pa ngodya ya nyumba, kapu ya tiyi ili m'manja, ndipo atamva anangoima, dzanja lina lili pakamwa.

"Akutani?" Glenys anafunsa.

"Ali muofesi. Waika miyendo pa tebulo. Kwabwera chimkulu china cha chipewa, chikuti chataya mkazi. Coral akuti, mwamuyang'ana kwa amake?" Noelene anaseka chikhakhali, kuseka kuja kwa m'khitchini. "Watenga chikwama!"

"Muli simbi?"

"Nanga ukuyesa muli chiyani?"

Sewero linayenda. M'mene Glenys ankadziwira, pa galasipo Coral anali atamangidwa kale pa mpando wina, koma pazenera pankatuluka mkazi wamtali wa tsitsi lofiira akugwetsa amuna m'masitepe. Nthawi zina Noelene ankasokoneza mayina, nthawi ina chimkulu cha chipewa chinasanduka a Clarrie, koma ulusi wa nkhani sanautaye. Dzuwa linatsika mpaka pa mitengo. Manja a Glenys anachita dzanzi, ndipo iye anakondwa nalo dzanzilo.

Kenaka m'chipindamo munangoti zii. Glenys anadziwa kuti afika pa mlatho. Akanangotembenuza khosi akanaona, koma sanatembenuke.

"Noelene? Zazima?"

"Dikira."

Anadikira. Anaopa kuti cheteyo amutengeranso mkulu wake kumene amapita kuja, kuti mawu otsatira akhala ofunsa za mbale.

"Wagwada," anatero Noelene potsiriza. "Chitsiru chija cha ndevu chagwada. Chatulutsa mphete."

"Ndiye Coral?"

"Waitenga. Akuiyang'ana." Mawu ananjenjemera, kenaka analimba. "Waiponya m'madzi! Wamulanda makiyi! Ukudziwa zimene wanena?"

"Ndidziyendetsa ndekha, a Inspekita!" anafuula onse awiri, mpaka mkulu wa m'chipinda choyandikana uja anatseka zenera lake.

"Wapita, Posamu. Kumpoto. Wamva? Sanacheuke."

"Ndamva."

"Uzimva. Anthu amapita." Noelene anapuma pang'ono. "Tsika tsopano, umange waya bwinobwino, adadi asanabwere. Ndakuikira buledi."

M'katimo lipenga lomaliza linali litayamba kulira, pamodzi ndi mabelu a tchalitchi. Glenys ankadziwa kuti akangosiya paipiyo n'kuzungulira kukalowa pakhomo, akapeza mayi waulemu uja akumufunsa dzina. Anaumitsa manja pa chitsulo.

"Sinditsika," anatero. "Adadi achedwa lero. Atafika kumpotoko, kenaka anatani?"

Kenaka anamva mkulu wake akukhosomola pang'ono, monga ankachitira akafuna kuyamba bodza lalikulu.

"Kenaka," anatero Noelene, "anagula thiraki."